Tsiku limene asuweni ananditengera ku mipanda ya miyala ya ku Masvingo

 Ambiri mwakhala mukufunsa kuti bwanji ndangoti zii masabata onsewa, ena mpaka kuimbira foni mayi a kunyumba kufunsa ngati ndadwala. Ayi, ndili bwino ndithu. Ndinali ku Zimbabwe. Lero ndikufotokozerani za tsiku limodzi lokha la ulendowo, chifukwa ndikati ndinene zonse ndiye kuti bandulo yanu ithera pompano. Pezani pokhala, nkhaniyi ndi yaitali.

Ndiyambe ndi chimene chinandipititsa. Amayi anga anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, atsibweni anga. Iwowa anachoka kuno ku Dedza ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya ija ya 1953 mpaka 1963, pamene anyamata ankapita kukasaka ndalama ya msonkho m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia. Ena ankatengedwa ndi a Mthandizi, ena ankangouyamba wapansi. Atsibweni anapita n'kutchona. Anabwerako kamodzi kokha ine ndili Sitandade 2, atanyamula wailesi ndi bulangete la agogo, kenako basi. Anakwatira mayi wa Chishona, anabereka ana asanu, n'kumwalirira konko. Chaka chino anawo anamanga chiliza, ndiye anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti pochivundukula pakhale munthu wochokera kwawo kwa bambo. Mbumba inakhala pansi n'kusankha ine. Ya basi ndi pasipoti tinachita kusonkherana, ine ndinagulitsa matumba anayi a soya ndi mbuzi imodzi. Basi inatulukira pa boda yathu ya Dedza, kudutsa ku Angonia, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa pa Nyamapanda mpaka mu Harare.

Mwana woyamba wa atsibweni ndi wamwamuna, tinabadwa zaka zoyandikana. Ndi makaniko, amakonza magalimoto cha ku Mbare, amachita lendi zipinda ziwiri ndi akazi awo ndi ana atatu. Chichewa amayankhula, koma chothira mchere wa Chishona. Akafuna kuthokoza amayamba kaye "maita basa", kenako n'kukumbuka kuti zikomo. Ku Malawi sanapondeko. Paja chisuweni sichichedwa, tinangoonana tsiku loyamba n'kuyamba kunyogodolana ngati tinakulira bwalo limodzi. Mwambo wa chiliza utatha anandiuza kuti, "Asuweni, simungayende ulendo wonsewu n'kukauza anthu kwanu kuti mwaona manda okha. Mawa mudzuke 4 koloko, ndikakuonetseni kumene dziko lino linatenga dzina."

Tinanyamuka kudakali mdima pa kagalimoto kawo ka Honda Fit, kokalamba koma injini yake yosamalidwa ngati mwana. Kuchoka Harare kufika Masvingo ndi makilomita pafupifupi 300, ngati Lilongwe ndi Blantyre. Ndi msewu womwe uja umapita ku Beitbridge, ndiye mathiraki opita ku Joni anali ndondondo, ena a nambala za kwathu konkuno. Kunatichera titadutsa Beatrice. Inu alimi anzanga mukudziwa, mlimi akakwera galimoto maso amakhala pa nthaka. Chimene chinandidabwitsa ndi kukula kwa malo opanda nyumba. Mumayenda mtunda ngati kuchoka pa Dedza boma kufika pa Linthipe, mukungoona udzu wouma, waya wa mpanda ndi ng'ombe zowerengeka. Unali mwezi wa Seputembala, mitengo imene iwo amati misasa, ya mtundu wa mombo ndi tsamba wathu uja, inali itaphuka masamba ofiira, phiri lonse psuu. Ndinafunsa kuti anthu ali kuti? Asuweni anati dziko lawo ndi lalikulu kuposa lathu katatu ndi kupitirira, koma anthu ochuluka ndi ife. Ndipo n'zoona, kalembera wathu wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni pomwe wawo wa 2022 anapeza 15 miliyoni ndi kanthu. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Pa Chivhu tinaima kumwa tiyi ndi buledi. Ndinatsika n'kutapa dothi la m'mbali mwa msewu kulifikisa m'manja. Ndi lamchenga, lotuwa, loti popanda manyowa chimanga chingakulire mawondo basi. Asuweni anangoti, "Anthu akukuonanitu, aziti Achimwene afika." Paja kumeneko Mmalawi aliyense dzina lake ndi Achimwene.

Tinadutsa Mvuma, kufika Masvingo cha m'ma 9, n'kukhotera kamsewu ka makilomita pafupifupi 30 kukafika pamalopo. Dzina lake ndi Great Zimbabwe. Akuti mawuwa anachokera ku Chishona, dzimba dza mabwe, kutanthauza nyumba za miyala, ndipo dzikolo litalandira ufulu mu 1980 linasiya dzina la Rhodesia n'kutenga limeneli.

Pa geti malipiro ndi awiri, a eni dziko ndi a alendo, a alendo ndiwo okwera. Ine ndinatulutsa pasipoti, asuweni anatulutsa chitupa. Atalipira anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Lero mlendo ndinu." Anaseka, koma tikuyenda anandiuza kuti chitupa chimenecho n'chatsopano. Chakale chinali chachitsulo ndipo chinkawasonyeza kuti ndi "alien", kunena kuti wobwera, chonsecho anabadwira pa famu m'dziko lomwelo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera m'maiko oyandikana ngati Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi nzika. Munthu wa imvi kuchita kudikira pepala kuti limuuze kuti ndi wa pamene unagwera mchombo wake.

Anatipatsa wotiperekeza, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wodziwa zinthu kwabasi. Ankatitchula kuti sekuru, ndiye kuti agogo kapena atsibweni. Ankayankhula Chishona ndi Chingerezi, asuweni n'kumanditanthauzira pomwe ndasochera. Anati malowa ndi mahekitala opitirira 700, ndiye kuti maekala pafupifupi 1,800, ndipo ali m'zigawo zitatu: paphiri, mpanda waukulu, ndi mabwinja a m'chigwa. Anamangidwa pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. A UNESCO anawalemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1986. Apa ndinamudula pakamwa n'kumuuza kuti nafenso ku Dedza tili ndi Chongoni, mapanga a zojambula zakale, analowa m'kaundula yemweyo mu 2006. Ndinafuna adziwe kuti sakuyenda ndi munthu wamba.

Tinayamba ndi phiri dzuwa lisanakwiye. Mtsikana anati pali njira yofatsa imene inakonzedwa masiku ano, ndiye pali njira yakale. Asuweni anati, "Akuluwa ndi a kumapiri, tipite yakale." Koma abale inu! Masitepe a miyala ongoimirira, kenako njira imalowa pakati pa matanthwe awiri, mpata wake woti munthu mmodzi yekha, wonenepa achita kuyenda chammbali. Mdani akanabwera ndi gulu, pamenepa akanalowa mmodzimmodzi ngati mbuzi potuluka m'khola. Ine ndinafika pamwamba ndikupuma bwinobwino. Asuweni a m'tauni aja anafika malaya ali chonyowa, lilime panja, apusi ali pamwala kuwayang'ana.

Pamwambapo m'pamene ndinaona bwino kamangidwe kake. Khoma limayamba pa thanthwe, kukhota motsatira thanthwelo, kukafika pa mwala wina waukulu n'kuulola kuti nawo ukhale khoma, kenako n'kupitiriza. Simenti palibe, matope palibe. Ndinalowetsa chala pakati pa miyala kufuna kupeza chomatira, ayi ndithu, mwala pamwamba pa mwala unzake basi. Miyala yake ndi yosemedwa ngati njerwa zokulirapo. Mtsikana anati matanthwe a kumeneko amasendeka okha magawomagawo ngati anyezi, ndipo omangawo ankasonkha moto pathanthwe n'kuthirapo madzi kuti ling'ambike, monga amachitira anyamata oswa miyala kwathu kuno. Chinsinsi chake n'chakuti khoma ndi lotambalala pansi, n'kumachepa pokwera, ndiye kulemera kwake komwe ndiko kumaligwira. M'munsi anasiya timabowo totulukira madzi a mvula. Ndinakumbuka khoma la nyumba yanga ya njerwa zootcha, zaka 12 zokha koma mng'alu wake mukhoza kulowetsamo dzanja.

Pali kaphanga kena koyang'ana kuchigwa, kamene munthu akafuulirapo mawu amakamveka kutali kumunsi. Akuti mfumu ikafuna munthu inkaitanira pamenepo. Mtsikana anati tiyese. Ine ndinakuwa kuti, "Odi kunooo!" azungu ena amene anali pafupi mpaka kudzidzimuka. Asuweni anaima kaye, kenako anakuwa kuti, "Dedzaaa!" Tinaseka tonse.

Titatsika tinapita ku mpanda waukulu, iwo amati Imba Huru. Apa ndiye ndinavula chipewa. Kutalika kwake malo ena ndi mamita 11, ndiye kuti amuna asanu ndi mmodzi ataimirirana pamapewa. Kuuzungulira ndi mamita pafupifupi 250. Kunenepa kwake pena mamita 5, ngolo ya ng'ombe ikhoza kuyenda pamwamba. Chakumwamba anakongoletsa ndi miyala yoyala mokhotakhota ngati zolemba za pa mphika wa agogo. M'kati muli kanjira kopanikizika pakati pa makoma awiri aatali, kozizira ngati m'dambo m'mawa, ndipo mukakatsata mumakatulukira pa chinthu chimene chili pa chizindikiro cha boma lawo: chipilala chozungulira cha miyala, chotalika pafupifupi mamita 10, chotambalala pansi, chochepa kumutu.

Nditangochiona ndinati, "Iyi ndi nkhokwe iyi." Mtsikana anaomba m'manja n'kunena kuti akatswiri ambiri amaganizanso choncho, kuti anachimanga mofanizira nkhokwe ya Chishona imene amati dura. Koma chilibe khomo, m'kati ndi miyala yokhayokha. Ena anakumbapo pansi pake poganiza kuti muli chuma, osapeza kanthu. Ndiye kuti ndi nkhokwe yongoonetsa, youza aliyense wolowa kuti mwini mudzi uno ali ndi chakudya. Anatiuzanso za mwambo wawo wotchedwa zunde ramambo, munda wa mfumu umene mudzi wonse umalima, zokolola n'kusungidwa kuti zithandize amasiye ndi ovutika chaka cha njala.

Ndinakhala pansi pa mtengo n'kumachiyang'ana. Mfumu ya golide, yochita malonda ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, pofuna kuonetsa ukulu wake inamanga nkhokwe. Ife lero nkhokwe tinazithetsa. Chimanga timatonola, kuthira mankhwala a anankafumbwe, n'kugona nacho kuchipinda kuopa akuba. Mwana wobadwa pano mukamufunsa kuti nkhokwe amaluka bwanji angokuyang'anani.

Ndinafunsa funso limene mtsikana anati alendo safunsa kawirikawiri: anthu amenewa ankadya chiyani? Anati mapira, mawere ndi machewere, ndi nyama ya ng'ombe, poti mafupa a ng'ombe anafukulidwa ochuluka zedi m'munsi mwa phiri. Nanga chimanga? Anati kunalibe. Chimanga kwawo ndi ku America, kuno chinafika pambuyo pa chaka cha 1500, Apwitikizi atayamba kubwera, mudziwu utatha kale mphamvu. Mwamva alimi anzanga? Miyala yonse ija inasenzedwa ndi anthu odya nsima ya mapira ndi mawere, mbewu zimene ife tinazitaya n'kumati ndi za mowa basi.

Kenako ndinayamba masamu anga a Sitandade 7. Akuti mudziwu uli pachimake munkakhala anthu 10,000, ena amati mpaka 18,000. Pakhomo panga tilipo anthu 7, ndipo kuti tifike pokolola china timafuna matumba 21 a makilogalamu 50, ndiye kuti munthu mmodzi matumba atatu pachaka. Anthu 10,000 ndi matumba 30,000 chaka chilichonse. Wa khasu la m'manja, wopanda feteleza, wopanda thirakitala. Onjezani nkhuni zophikira tsiku ndi tsiku, nkhuni zong'ambira matanthwe, makala osungunulira chitsulo, mitengo ya milimo, udzu wofolerera, msipu wa ng'ombe zonse zija. Pajatu anthuwo sankagona m'miyala ayi, miyala ija ndi mipanda. M'kati ndi kunja kwake munali nyumba zozira ndi dothi, zofolera ndi udzu, ngati za agogo athu. Ndiye kuseri kwa mpanda uliwonse kunali alimi ambirimbiri amene mayina awo palibe akuwadziwa.

M'nyumba yosungiramo zakale tinaona mbalame zosema pa mwala wofewa, zimene imodzi yake ili pa mbendera ya dzikolo. Zinapezeka zisanu ndi zitatu. Atsamunda anazitenga, zina zinabwezedwa kuchokera ku South Africa mu 1981, chidutswa china chinachokera ku Germany mu 2003, koma imodzi inatsalira ku Cape Town m'nyumba imene inali ya Cecil Rhodes. Ena amati mbalameyo ndi chapungu, ena amati hungwe, imene ndi nkhwazi yathu yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Pamalopa anafukulanso mikanda, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ndi kandalama ka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania. Golide ndi minyanga zinkapita, izi n'kumabwera. Koma ine pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa makasu akale achitsulo, odyeka ndi dzimbiri. Mukaliika mpini lero mukhoza kupalira nalo.

Mtsikana anatiuzanso za bodza limene linakhala zaka zambiri. Mjeremani wina dzina lake Carl Mauch atafika mu 1871 anati munthu wakuda sangamange zotere, iyi ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Seba ya m'Baibulo ija. Azungu ambiri anakondwa nazo. Koma akatswiri ofukula zakale, David Randall-MacIver mu 1905 ndi mayi wina Gertrude Caton-Thompson mu 1929, atakumba anapeza mapale, makasu ndi pansi pa nyumba za anthu akuda, n'kunena poyera kuti omanga ndi eni dziko. Ngakhale zinali choncho, boma la azungu la Rhodesia silinkafuna kuti zimenezi zizinenedwa momasuka. Mukamuuza munthu kuti makolo ake sanamangepo kanthu, kumulanda munda sikuvuta.

Ndiye ndinafunsa kuti nanga anthuwo anathawa chiyani, kusiya chinthu chokongola chonchi? Anati zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi zingapo. Malonda a golide anasamukira kumpoto cha ku Zambezi. Komanso malo anatopa, msipu unachepa, nkhuni zinatalikira, nthaka inaguga. Nthano ya eni ake imati kalonga wina, Nyatsimba Mutota, ananyamuka kupita kumpoto kukafuna mchere, n'kukayambitsa ufumu wa Mutapa. Ine monga mlimi za kutopa kwa nthakazo sindinachite kufuna wonditanthauzira. Mpanda ungatalike bwanji, mwana akalira njala mayi amamanga katundu.

Cha m'ma 2 koloko njala inatipeza ifenso. Tinadya pa kamalo kena m'mbali mwa msewu, ndipo ine ndinaitanitsa dala sadza re zviyo, nsima ya mawere, yakuda ngati dothi la kudimba, ndi nkhuku yachikuda. Imakhala m'mimba ngati mwameza mwala, mpaka usiku sindinamvenso njala. Titatha asuweni anati tikaone damu la Mutirikwi, limene kale linkatchedwa Kyle, lili pafupi pomwepo. Khoma lake ndi la simenti, lokhota ngati uta pakati pa mapiri awiri, linamangidwa cha m'ma 1960. Madzi ake amamwetsa tauni ya Masvingo ndipo amatsikira kumunsi kukathirira minda ya nzimbe ku Triangle ndi Hippo Valley, ngati mmene Shire amachitira ku Nchalo.

Tinakhala pamwala tikuyang'ana madzi. Munthu wa nthabwala uja anangoti duu. Kenako anayamba.

"Asuweni, mwaona pamene tawagoneka bambo. Manda a m'tauni, oyandikana ndi anthu osawadziwa. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, anzawo a Chishona anapita kumusha, kumidzi kwawo. Bambo analibe kolowera, anabwera kudzapanikizana nafe m'zipinda ziwiri zija mpaka imfa. Tsono ine manja awa akadzaleka kugwira sipanala, lendi adzandilipirira ndani? Kwawo kwa amayi amandilandira bwino, nkhuku amandiphera, koma ikafika nkhani ya malo amati ndiwe muzukuru, mwana ndi wa bambo, kwanu ndi ku Malawi. Ndiye ndikumva kuti kwanuko mwana ndi wa mayi. Nanga ine ndine wa yani?"

Ndisanayankhe anapitiriza. "Bambo ankakonda kunena za munda wina wa kufupi ndi mtsinje, pali mkuyu waukulu, akuti anaswa okha mphanje asananyamuke. Kodi munda umenewo ulipo?"

Abale anga, malovu anandiuma m'kamwa. Ndinati, "Ulipo asuweni. Mkuyu uliponso. Amene akulima munda umenewo ndine."

Anzathu a kumpoto ndi a kuchigwa cha Shire mwina mudabwa, ndiye ndifotokoze. Kwa ife Achewa malo amayenda ndi mbumba. Munda wa atsibweni ukatsala umapita kwa alongo awo ndi ana a alongowo. Mwana wa atsibweni kwawo ndi kwa mayi ake. Ndiye mwa mwambo palibe chimene ndinalanda, munda uja unandipeza m'njira yake. Koma mwambo umenewu unapangidwa anthu akukwatirana midzi yoyandikana, Mchewa ndi Mchewa, mwana aliyense ali ndi kwawo kwa mayi kumene munda ukumudikira. Sunaganizire za mwana wobadwa kwa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chishona, amene miyambo iwiri yonse imamuloza kutsidya.

Ndipo malo ake ndi ati? Ndili ndi maekala atatu, kuphatikiza kadimba. Pamenepo ndiye pali chimanga, soya, mtedza ndi mbatatesi. Ana anga ndi asanu. Alongo anga awiri ali ndi ana khumi ndi mmodzi, ena akwatiwa kale ndipo akamwini akufuna polima. Munthu akuchoka m'dziko la malo oyenda ola lathunthu osaona nyumba, kudzapempha malo m'dziko limene timakangana chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire.

Sindinawalonjeze kanthu, chifukwa munda wa mbumba munthu mmodzi sagawa ali pamwala ku Masvingo. Ndinati, "Asuweni, bwerani kaye mudzaone. Mudzaone mkuyu, mudzaone manda a agogo anu, alongo anu akudziweni nkhope. Malo omanga nyumba sangasowe. Za munda ndikakamba ndi eni mbumba, ndipo ndikakamba ngati nkhani yanga." Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Maita basa," osakumbukanso zosintha.

Pobwerera tinayenda usiku, magetsi a mathiraki akutithobwa m'maso. Tinalowa mu Harare cha m'ma 10. Njira yonse anandifunsa za kumudzi: mvula imayamba liti, thumba la feteleza likugulidwa bwanji, chipatala chili patali bwanji, kodi makaniko angapeze ntchito pa Dedza boma. Ndinawauza zoona zokhazokha, za mitengo ya feteleza, za ng'amba, za miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ufa umathera m'thumba.

Nditafika kuno ndinaitana alongo anga. Aakulu anakana poyera. Akuti ukatsegulira mmodzi, kumbuyo kwake kuli abale ake anayi ndi ana awo, nanga zidzukulu zathu zidzalima pamwala? Sindingawanene kuti ndi ouma mtima, akuwerenga ana amene akuwaona ndi maso. Aang'ono anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo anakumbutsa kuti agogo anamwalira atafunda bulangete lija, akutchula dzina la mwana wawo wotchona. Tinapita kwa amfumu, iwo anati yambani mwagwirizana pabanja, ine ndidzangodalitsa. Nkhani ili pamenepo mpaka lero.

Maganizo anga ine ndi awa. Pa maekala anga atatu ndikhoza kudula theka la ekala chakumtunda, kuyambira pa mkuyu. Ndawerengera, ndi matumba asanu ndi atatu a chimanga amene ndizitaya chaka chabwino, ndipo mayi a kunyumba andiuza kale kuti masamu amenewo sakuwakonda. Koma ndaona ndi maso anga mudzi wa mipanda ya mamita 11 uli chiimire, m'kati mukuyenda apusi okha. Ndaonanso chiliza cha atsibweni pakati pa anthu achilendo. Munthu amene anaswa mphanje ija ndi nkhwangwa yake, mwana wake asapeze ngakhale poponda? Theka lotsalalo ndikalisamala ndi manyowa, n'kuika mizere ingapo ya mapira kumtunda kouma kuja, mwina tikhoza kukwanamo.

Asuweni akuti abwera tikakolola, mwezi wa Juni, pa ka Honda Fit komwe kaja ngati kadzalimbe. Ndiye ndikufunseni inu amene muli ndi abale otchona ku Zimbabwe, ku Zambia kapena ku Joni, ana awo atabwera kudzafunsa malo munatani? Munagawa bwanji, ndipo mbumba inagwirizana? Amfumu amene mumawerenga tsamba lino, milandu yotere mumaiweruza bwanji? Lembani m'munsimu, ndiwerenga zonse ndipo zina ndikawawerengera alongo anga.

Pakadali pano mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambique. Amene simunamalize kugalauza fulumirani. Sabata yamawa ndibwera ndi nkhani ya manyowa a Mbeya imene munandipempha ija.